Nsungwi za Amai Ezelina

Inali nthawi ya m'ma teni koloko m'mawa, ndipo mvula yoyamba inali itangokata, n'kusiya fungo la dothi m'makonde onse a chipatala cha mishoni. Chakumpoto, mbali ya ku Sandwe, kumwamba kunali kudakali bii. M'chipinda cha mafizo, mmene anthu opuwala ziwalo ankaphunziramo kuyendanso, a Whiteson Daka anali atakhala pa benchi la odwala, manja ali pamaondo, akumvetsera ophunzira awo awiri akukangana.

Ophunzirawo, Jennipher ndi Abednego, anachokera ku koleji ya ku Lusaka kudzaphunzira ntchito pa anthu enieni. ADaka sankawaphunzitsa ataima kutsogolo ndi choko. Ankawapatsa wodwala, n'kuwafunsa funso limodzi, kenako n'kuwasiyira mapepala a kafukufuku amene mnzawo wina ankawatumizira pa basi. Sabata imeneyo wodwala wake anali amai Ezelina, amene sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wakumanzere. Funso linali lakuti: chingawaimitsenso mayiwa n'chiyani, kuwawotcha ndi getsi lofiira ndi kuwasisita mafuta, kapena kuwadzutsa pampando mobwerezabwereza?

"Mwanipatsa mlandu woluza, aDaka," anadandaula Abednego, amene anauzidwa kuti aikire kumbuyo getsi.

"Loya sasankha mlandu. Teteza."

"Chabwino. Odwala amalikonda. Chiyambile zolipila pawindo, munthu afuna aone chinthu choyaka. Ukamuuza kuti nyamuka, khala, nyamuka, khala, aganiza wamubela."

"Getsi lifunditsa khungu chabe," Jennipher anamudula mawu, akugwedeza pepala. "Apa analemba. Amene anali kunyamuka pampando kambili tsiku lililonse anayamba msanga kuima okha, ndipo sanali kugwagwa."

"Anawayesa kuti anthuwo?" anafunsa aDaka.

"Ku Ulaya. M'chipatala."

"Anali kuwagwila ndani?"

Jennipher anafufuza ndi chala. "Anchito a m'chipatala. Ena abale awo, ataphunzitsidwa."

"Ndionetse kagwilidwe kake. Abednego, mwendo wako wakumanzele wafa."

Abednego anadzigwetsa pampando, n'kupotoza kamwa. Jennipher anaima kutsogolo kwake, natsamiritsa bondo lake pa bondo la mnzakeyo kuti lisapindike, namugwira m'chiuno ndi manja awiri.

"Welamila kutsogolo. Mphuno ipitilile zala za kumapazi. Nyamuka!"

"Iwe, sitiloko yanisiya, koma zikhadabo zako zinimaliza."

"Ulemela monga thumba la feteleza. Nyamuka!"

Akuseka choncho, Sisita Virginia wa ku wodi ya amayi anasuzumira pakhomo.

"ADaka, mwamuna uja amene anabwela na amai Ezelina akuti awatenga mailo m'mawa. Akuti mvula yagwa, mbeu ikali m'nyumba, ndipo mtsinje ukadzala chikochikale cha ng'ombe sichioloka mpaka mvula itatha."

ADaka anagwedeza mutu. Sanadabwe. Chaka chilichonse mvula yoyamba inkatulutsa odwala ambiri kuposa madokotala. Koma ankadziwanso chimene chimachitika kwa munthu wa sitiroko akakagona pamphasa dzinja lonse: bondo limauma litapindika, msana umatuluka zilonda, ndipo pofika nthawi yokolola palibenso chodzutsa.

"Mwamva," anauza ophunzirawo. "Mawa apita, muli ndi lelo lokha. Mukaphunzitse wa kunyumba."

Amai Ezelina anabwera m'dziko muno pothawa nkhondo ya ku Mozambique, mwana wawo Olipa akuyenda pambali atasenza kamphika. Nkhondo itatha, abale awo onse anakwera malole n'kubwerera, koma iwo anatsala chifukwa manda a amuna awo anali kuno. Tsopano Olipa anali ndi pakati potopa, moti sakanatha kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Amene anabwera nawo kuchipatala anali Josphat, mwamuna wa Olipayo, bambo wa mwana wawo woyamba Mphatso.

Zimenezi aDaka anazizindikira tsiku loyamba, osafunsa munthu. Anaona mmene Josphat ankakhalira pakhonde atafulatira zenera la wodi. Anaona kuti phala ankalipereka kwa mayi wodikirira wodwala wa bedi loyandikana, kuti ndiye akalowe nalo. Koma ophunzirawo sanawauze. Lamulo lawo linali lakuti wophunzira afunse yekha, chifukwa chimene wauzidwa chimaiwalika, pomwe chimene wafukula ndi manja ako umafa nacho.

Atafika ku wodi, Jennipher anawakhazika amai Ezelina m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, kenako anatuluka pakhonde.

"Bambo, aja ni amai anu?"

"Inde, ndi amai," anayankha Josphat, atavula chipewa.

"Bwelani mkati nikuphunzitseni."

Josphat anafika pakhomo n'kunjuta pomwepo, maso ali pansi. ADaka anayang'ana Jennipher. Funso lachiwiri linali pafupi kwambiri. Mwamuna wamkulu sanjuta pakhomo popanda chifukwa. Anadikira kuti mtsikanayo aone. Abednego naye anali kalikiliki kukankha kabati kuti papezeke malo.

"Musaope, bambo, sibaluma," anatero Jennipher mwansangala. "Imani apa. Bondo lanu pa bondo lawo. Manja apa."

ADaka anatsegula pakamwa, koma mtsikanayo anali wachangu. Anali atagwira kale mkono wa Josphat n'kuukokera m'chiuno mwa mayiwo. Zala zinangokhudza chitenje. Josphat anasolola dzanja ngati wagwira mbaula, nabwerera chambuyo mpaka kugunda chitseko, n'kutuluka osatola chipewa chake. Amai Ezelina anakoka mpango ndi dzanja lamoyo lija, n'kudziphimba nkhope.

Kenako mayi wa bedi lapakona anaomba m'manja kamodzi.

"Mwana iwe, wationetsa malodza. Uja ndi mkamwini!"

Wina anaseka chamumtima, wina anati "Mayo ine." Pansi pa mpango panatuluka mawu olemera, okoka lilime, koma omveka.

"Anditenge lelo. Muno sindigonamonso."

ADaka anatola chipewa chija, nakodola ophunzirawo kuti atuluke. Anaima nawo kuseri kwa wodi, pamene madzi a padenga anali kudonthabe. Jennipher ndiye anayamba kulankhula.

"Munadziwa, aDaka?"

"Ndinadziwa."

"Nanga munanilekelela chifukwa chani?"

"Ndinali kudikila funso lako. Ndinadikila mopitilila." Anapukuta chipewacho ndi chikhatho. Mumtima ankaona kuti phunzirolo Jennipher sadzaliiwala, koma amene analilipira anali mayi wodwala amene sanalembetse sukulu. "Zimenezo tidzakamba. Manje mayi uja afuna kupita lelo, akagone pamphasa. Tichite bwanji?"

"Tiwauze chabe kuti m'chipatala mulibe manyazi," anatero Abednego. "Izi ni zakale. Moyo ndiwo ukulu."

"Pita ukawauze."

Abednego anayang'ana chitseko cha wodi, koma sanasunthe.

"Ngakhale avomele muno," anapitiriza aDaka, "kumudzi adzachita? Pa bwalo, anthu akuona?"

"Ndiye pepala lija n'lachabe kuno," anatero Jennipher mokhumudwa. "Analembela anthu a kwawo."

"Kapena. Kaliwelengeninso nonse awili. Mundipezele chinthu chimodzi: chinawathandiza anthu aja n'chiyani kwenikweni? Ine ndikaone mkamwini asanamange katundu."

ADaka anamupeza Josphat pansi pa mtengo wa mango akumangirira mabulangete pa njinga. Ng'ombe ndi chikochikale anali atazisiya kwa mnzake kumsika. ADaka anamupatsa chipewa ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Cholakwa ndi changa. Ana aja ndi alendo."

"Palibe mlandu," anatero Josphat, koma anapitiriza kukoka mphira. "Ine, adokotala, munda wawo ndimalima ndine. Nyumba yawo ndinafolela ndine. Tsiku limene anagwa ndinathamanga kuitana azimai a mpingo kuti awanyamule, ine n'kugwila ng'ombe. Chikwatile, sitinadyelepo pamodzi, sitinapenyanepo m'maso. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuteleleka, koma ine sindinateleleke. Lelo pa anthu ndawagwila m'chiuno. Ndikamuuza chiyani Olipa?"

"Mukamuuza kuti munagwidwa mkono ndi mwana wa sukulu. Wodi yonse ndi mboni."

Josphat anatsala pang'ono kumwetulira.

"Mukawatenga lelo, akachita chiyani kunyumba?" anafunsa aDaka.

"Akagona. Olipa aziwapatsa chakudya."

"Akagona mpaka mvula ithe, sadzaukanso. Sindikukuopsezani, ndaziona. Ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke."

Josphat anayang'ana kumwamba, mbali ya kwawo, nthawi yaitali. Kenako anamasula mphira.

Pobwerera, aDaka anakumana ndi Abednego pakhonde, pepala lili m'manja.

"Si manja, aDaka. Tawelenga konse. Chimene anali kuwelengela ni kunyamuka kwa wodwala, kangati pa tsiku. Wogwila anali chabe woteteza kuti munthu asagwe, na kuti bondo lisapindike. Ngati pali china chogwila bondo..."

"Monga chiyani?"

"Zitsulo zathu zija za m'chipinda, zimene odwala amagwila poyenda."

"Uzinyamula pa chikochikale? Nanga ena ayendela chiyani?"

Abednego anakanda m'mutu.

"Musanaganizile mayi uja chilichonse," anatero aDaka, "wina amufunse. Jennipher ali kuti?"

Jennipher anali atalowa kale mu wodi. ADaka anaima pakhomo osalowa. Anamuona atagwada pa simenti pambali pa bedi, yunifolomu yoyera ili pansi.

"Amai, nalakwa. Sininafunse."

Mpango unatsika pang'ono, n'kuonetsa diso limodzi.

"Kwanu kulibe apongozi?"

"Aliko. Koma ise tinakulila mu Chawama ku Lusaka, nyumba ya zipinda ziwili. Ambuya obala amai na atate anali kulimbilana wailesi."

"Kulimbilana!" Theka la kamwa la amai Ezelina linaseka. "Dziko latha."

"Amai, imwe mufuna chani maka-maka? Osati ise. Imwe."

Mayiwo anasisita dzanja lakufalo ndi lamoyo.

"Ndinayenda pansi kuchoka kwathu mpaka kuno, mifuti ikulila kumbuyo," anatero potsiriza. "Lelo chimbudzi chili apo, ine pano. Mwana wanga ali ndi pakati. Sindifuna azinditaila mphika. Ndifike ndekha kuchimbudzi, basi. Koma mwendo ndiwo wafa, mwanawe. Ulemu sunafe."

"Nanga pakanakhala chogwila chimene si munthu?"

"Nsanamila ya pakhonde ndinali kuigwila ndikadwala msana."

Jennipher anatembenuka, maso ake n'kukumana ndi a aDaka. Iwo anangoloza ndi chibwano kumunsi kwa chipatala, kumene nsungwi zinamera m'mbali mwa khwawa.

Ntchitoyo inatenga masana onse. Josphat anabwereka chikwanje kwa wosamalira maluwa, nadula nsungwi zokhwima ndi mitengo ya mphanda. Dothi linali lofewa ndi mvula, moti maenje sanavute. Anazika mphandazo kuseri kwa wodi m'mizere iwiri, n'kugoneka nsungwi pamwamba pake, kumanja ndi kumanzere, ngati kanjira ka ng'ombe kolowera kudibi. Msinkhu wake sanaulote. Jennipher ankalowa mu wodi ndi chingwe cha khonje, n'kuyeza amai Ezelina kuchoka pansi kufika m'chiuno, kumanga mfundo, n'kutuluka nacho kukapatsa Josphat. Anabwereranso kukayeza bondo, n'kumanganso mfundo ina. Chingwecho ndicho chinkayenda pakati pa mpongozi ndi mkamwini.

Abednego ndiye anali woyesera. Anakhala pa mpando kumapeto kwa nsungwizo, nagwira ndi dzanja limodzi, nanyamuka atalefula mwendo dala. Bondo linapindika ndipo anakhala pansi m'matope.

"Wafa kawili lelo," anatero Jennipher.

"Ndiye mwaphunzilapo chiyani?" anafunsa aDaka, amene anali atakhala pa chitsa osagwira kanthu.

"Pafunika chopingasa pa bondo," anatero Abednego akudzipukuta. "Pamene pakanakhala bondo la munthu."

Anamanga kansungwi kopingasa pa msinkhu wa mfundo yachiwiri. Atayesanso, kanamupweteka pa msongolo, ndiye Josphat anakakulunga ndi chiguduli cha saka, n'kumanga ndi luzi. Anakangana za mpando: Jennipher ankafuna wautali kuti kunyamuka kuphweke, Josphat anati kunyumba kulibe mpando wotero koma kuli mtondo wakale umene akhoza kuuvundikira. Anavomerezana za mtondo. Anavomerezananso kuti kopingasako kazichotsedwa mwendo ukalimba, kuti mayiwo aziyenda pakati pa nsungwi, ndipo kunyumba mzerewo uchoke pakhonde mpaka pa khomo la chimbudzi.

Dzuwa litapendeka, Sisita Virginia ndi Jennipher anabwera nawo amai Ezelina pa njinga ya odwala. Josphat atangomva mateyala, anapita pa khoma la wodi n'kuima atalipenya, manja ali kumbuyo, ngati mwana wolangidwa. Amayi a mu wodi anadzaza pa mazenera.

"Palibe wokugwilani, amai," anatero Jennipher. "Ine nili pambali chabe. Bondo pa saka. Dzanja pa nsungwi. Welamilani kutsogolo."

Amai Ezelina anakoka. Thupi linadzuka pang'ono n'kubwerera pampando. Anapuma, nakokanso, n'kubwereranso. Thukuta linatsika m'khosi. ADaka anaona kuti phazi lakumanzere linali patsogolo kwambiri. Ulendo uno sanadikire nthawi yaitali.

"Abednego, penya pansi."

Mnyamatayo anagwada, nabweza phazilo kumbuyo, pansi pa bondo.

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, amai," anafuula mayi wa bedi lapakona uja ali pazenera.

"Iwe khala chete, tsokonombwe ali ndi miyendo yonse," anayankha amai Ezelina, ndipo akulankhula choncho anaweramira kutsogolo n'kukoka. Bondo linakankha saka, saka linagwira. Anadzuka pang'onopang'ono, akunjenjemera, mpaka msana unawongoka. Anaima. Manja a Jennipher anali m'malere, pafupi, osakhudza.

Pa mazenera panamveka nthungululu imodzi, Sisita n'kuiletsa ndi dzanja. Josphat sanatembenuke.

"Aima?" anafunsa khoma.

Amai Ezelina sanayang'ane mbali imeneyo. Analankhula kwa Jennipher, mokweza kuposa mmene zinafunikira.

"Muwauze atate a Mphatso kuti nsungwi ya kumanja ikugwedela."

"Muwauze amai," anatero Josphat, akuuzabe khoma, "kuti kunyumba ndikakumba mozama. Ndikaika mitengo ya mopane."

"Muwauze kuti tipita mailo. Lelo ndatopa."

Anakhala pansi, napuma, kenako anadzukanso osauzidwa. Jennipher anawafotokozera zoti azichita m'mawa, masana ndi madzulo, Olipa atakhala pafupi ndi maso okha, ndipo akamva chizungulire asiye. Anawauza kuti abwereze okha zimene amva, nakonza pamene anaphonya. Josphat anakulunga chingwe cha mfundo ziwiri chija pa zala, n'kuchiika m'thumba la shati.

Pobwerera ku chipinda cha mafizo, Abednego ankayenda pambali pa aDaka, matope atauma pa thalauzi.

"ADaka, koma pepala silinakambe za nsungwi. Anthu aja anali na owagwila. Nanga akakagwa? Zizasebenza?"

"Sindidziwa."

"Simudziwa?"

"Chimene tidziwa n'chakuti kunyamuka kumathandiza, ndipo kugona dzinja lonse kumapha mwendo. Za nsungwi palibe anayesapo, kapena anayesa koma sanalembe. Angathe kugwa. Tasankha ngozi yaing'ono, ndipo mwini wake wavomela." Anaima pakhomo. "Mtsinje ukaphwa ndidzapita ndi galimoto ya sikelo ya ana kukaona. Inu mudzakhala mutabwelela ku Lusaka. Musanapite, mundiuze chimene ndikayeze kuti tidziwe ngati zathandiza. Mugwilizane nonse awili."

"Ngati afika okha ku chimbudzi," anatero Jennipher kumbuyo kwawo.

"Ndi chimodzi chimenecho. Ganizani zina."

Pa benchi panali mwamuna wa ku Nyimba, wogulitsa nthochi pamsewu, amene anamuchotsa pulasitala pamkono dzulo lake. Anali atadikira kuyambira masana, mkonowo ataufungatira ngati khanda. ADaka anasamba m'manja pa beseni, nakoka kampando, n'kukhala moyang'anizana naye.

"Pepani pokudikilitsani, bambo. Tiyeni tione chigongono chifika pati."